Mmene mungalembere nthano yachikhristu ya makedzana yokhala ndi chikondi, chinsinsi ndi zowawa

Alembi ambiri achikhristu akafika pa nkhani ya kugwiririra, kuphana, ukapolo kapena nkhanza za m'banja, dzanja limayamba kunjenjemera. Ena amangolambalala. Ena amatchulako pang'ono, n'kuthamangira ku pemphero la kulapa, mutu wotsatira onse ali pa ukwati kusekerera. Wowerenga amene zoterezi zidamuonekerapo amatseka bukulo akudziwa kuti mlembi wamunamiza, ndipo zimenezi zimandipweteka mtima, chifukwa Baibulo lenilenilo silibisa. Pa 2 Samueli 13 pali Tamara, amene adagwiriridwa ndi mlongo wake Amnoni, ndipo nkhaniyo imamusiya ali wosweka mtima m'nyumba ya Abisalomu, bambo wake Davide atapsa mtima koma osachitapo kanthu. Salimo 88 limatha mdima usanachoke.

Malangizo awa ndi a inu amene mukufuna kuluka zinthu zitatu m'buku limodzi: chikondi cha anthu awiri, chinsinsi choyenera kuululika, ndi nthawi yakale imene ife sitidaione. Ndiyenda ndi chitsanzo chimodzi chopeka mpaka kumapeto kuti muone polumikizira pake.

1. Sankhani malo amodzi ndi chaka chimodzi

Musangoti "kalekale ku Ulaya". Tchulani mudzi, chaka, ngakhale nyengo yake. Mapanga awiri avumbwitsa. Wofuna kulowetsa mayiko atatu ndi mibadwo inayi m'buku loyamba amathera kulemba zapamwambamwamba. Funani nthawi imene chikhulupiriro chidayesedwa mpaka anthu opemphera m'tchalitchi chimodzi adasiyana zochita. Ku Eyam, ku England, mu 1665 ndi 1666 anthu adamvera mbusa wawo William Mompesson n'kudzitsekera m'mudzi mwawo kuti mliri usafike kwa anzawo. Ku Salem, ku America, mu 1692 anthu 19 adanyongedwa powaganizira ufiti, ndipo ozenga milanduyo adali anthu opemphera. Ku Zanzibar msika wa akapolo udatsekedwa mu 1873, ndipo pamalo pomwepo padadzamangidwa tchalitchi cha Anglican.

Chitsanzo chathu chichitikira m'mudzi wa oweta nkhosa ku England, m'nyengo yozizira ya 1853.

2. Fufuzani malamulo musanafufuze madiresi

Ambiri amayambira pa zovala, zipewa ndi ngolo za akavalo. Zimenezo muzipeza mosavuta nthawi ina iliyonse. Chobala nkhani ndi funso ili: munthu uyu ankaloledwa kuchita chiyani, ndipo akalakwiridwa ankakadandaula kwa yani?

Taonani zimene chaka cha 1853 chikutipatsa. Katundu wa mkazi wokwatiwa, ngakhale malipiro a thukuta lake, ankakhala m'manja mwa mwamuna, ndipo izi zidayamba kusintha ndi malamulo a 1870 ndi 1882. Kuthetsa ukwati kuti munthu akwatirenso kunkafuna chilolezo cha nyumba ya malamulo mpaka 1857, choncho kudali kwa olemera okha. Maboma a kumidzi sadakakamizidwe kukhala ndi apolisi mpaka 1856, kutanthauza kuti m'mudzi wathu mungakhale munthu wamba mmodzi wosankhidwa kusungitsa bata, yemwenso amaopa akuluakulu. Apa mwapeza kale chifukwa chomveka choti mkazi wamba ayambe kufufuza yekha mlandu. Munthu akafa mosadziwika bwino, mkulu wofufuza za imfa, coroner, ankaitanitsa amuna a m'deralo kuti agamule chamupha. Akagamula kuti adadzipha ali ndi nzeru zake zonse, lamulo la 1823 linkati aikidwe usiku, pakati pa 9 koloko ndi 12 koloko, popanda mwambo wa mapemphero. Zidakhala choncho mpaka 1882.

Palinso poizoni wa arsenic, amene anthu ankagula pophera makoswe ndi posambitsira nkhosa. Lamulo la 1851 lidalamula kuti wogulitsa azilemba m'buku dzina la wogula, wogulayo n'kusaina, ndiponso kuti ufawo uzisakanizidwa ndi mwaye kapena utoto wabuluu wa indigo kuti usafanane ndi ufa wodya. Arsenic woyera ankaloledwa kugulitsa pokhapokha munthu akugula wambiri, wolemera mapaundi 10 kapena kupitirira. Njira yopimira arsenic m'thupi la wakufa idalipo kale, James Marsh adaitulukira mu 1836. Koma zidindo za zala musazilowetse: apolisi a ku London a Scotland Yard adatsegula ofesi yake mu 1901.

Zoterezi mumazipeza m'zolemba za nthawi yomweyo. Milandu ya khoti la Old Bailey ku London kuyambira 1674 mpaka 1913 ili pa intaneti, yowerenga ulere, ndipo mumamvamo antchito a m'nyumba, azamba ndi ogulitsa m'sitolo akulankhula ndi pakamwa pawo. Mabuku a mpingo olemba ubatizo, ukwati ndi maliro adayamba kusungidwa ku England mu 1538. Werenganinso nyuzipepala, makalata, maulaliki ndi nyimbo za m'tchalitchi za zaka zimenezo. Mafilimu musawadalire, Kandimverere adakanena za m'maluwa.

3. Lembani mlandu wonse musanalembe mutu woyamba

Tengani pepala lapadera, limene owerenga sadzaliona, mulembepo zoona zake zonse motsatana: ndani adachita, liti, chifukwa chiyani, adabisa bwanji, ndipo adaiwala chiyani.

Zathu zili motere. Mtsikana wantchito wa zaka 19 wapezeka atafa m'chipinda chake, m'nyumba ya mlimi wolemera yemwenso ndi mkulu wa mpingo. Adali woyembekezera. M'bokosi lake la zovala mwapezeka kapepala kokulunga ufa woyera. Amuna a m'mudzi agamula kuti adadzipha pothawa manyazi, ndipo aikidwa usiku. Zoona zake n'zakuti mimbayo ndi ya mwini nyumba, amene adamukakamiza. Mtsikanayo adali atanena kuti mwana akabadwa akamutchula kwa oweruza, pakuti lamulo la 1844 linkalola mayi wa mwana wobadwa kunja kwa ukwati kusumira bambo wake kuti azipereka chithandizo. Mkuluyo adamupatsa poizoni, n'kuika kapepalako m'bokosi.

Chimene adaiwala ndi mtundu wa ufawo. Wantchito wopita ku sitolo ndi kandalama kochepa akadapatsidwa wotuwa ndi mwaye kapena wabuluu ndi indigo. Woyera amakhala ndi munthu wogula wambiri, monga mwini nkhosa mazanamazana.

Tsopano gawani umboniwu. M'mutu wachiwiri owerenga aone ufa woyerawo uli pa tebulo la coroner, mongodutsa, maso awo ali pa mayi amene akulira. Mitu ingapo patsogolo, mchemwali wake wa malemuyo ali m'sitolo kugula ulusi, aone mwini sitolo akuyezera munthu wina mankhwala a makoswe otuwa, iye osaganizapo kanthu. Adzakumbukire pambuyo pake, pamodzi ndi owerenga. Umboni uliwonse umene udzamange wolakwa uyenera kukhala utaonekera kale poyera. Wowerenga akabwerera m'mbuyo aziti, "Ha, chidali pompano ine osachiona!"

Onjezani anthu awiri kapena atatu okayikitsa, aliyense akunama pa chifukwa chakechake. Mkazi wa mkuluyo amadziwa za mimbayo ndipo akuteteza ana ake, poti mwamuna akagwa iye alibe kolowera. Mbusa wa nkhosa amene ankamufuna mtsikanayo adali pafupi ndi nyumbayo usiku umenewo. Mwini sitolo nthawi zina amagulitsa osalemba m'buku, ndiye akuopa kuti lionedwe.

Pali msampha umodzi umene umakola alembi achikhristu okha. Musalole kuti mlandu uululike kudzera m'maloto, m'masomphenya, kapena poti wolakwa wamva ulaliki n'kungoimirira kuulula zonse. Mulungu amachita zozizwitsa, sindikukana. Koma m'nthano yofufuza chinsinsi mudapangana ndi owerenga kuti nawonso atha kupeza yankho ndi nzeru zawo, ndipo maloto amaphwanya panganolo. Ngakhale pa Genesis 38, Yuda adagwidwa ndi zinthu zogwirika: chidindo chake, chingwe chake ndi ndodo yake. Pemphero lipatse mtengambali wanu mphamvu yogogoda pakhomo limene akuliopa. Chimene akapeze kuseri kwa chitseko chikhale umboni.

4. Ikani chotchinga chenicheni pakati pa okondanawo

Chikondi chimene chikulephereka chifukwa cha kusamvetsetsana koti kukadatha ndi mawu awiri chimatopetsa. Chotchinga chichokere mu mlandu womwewo. M'chitsanzo chathu mkazi ndi mchemwali wake wa malemuyo, wosoka zovala. Mwamuna ndi mbusa wachinyamata wothandizira pa tchalitchicho, wa malipiro ochepa, amene ntchito yake ili m'manja mwa akuluakulu a mpingo. Iyeyu adalipo pa maliro a usiku aja ndipo sadapemphere, poti lamulo silinkalola. Mkaziyo amuda. Mwamunayo adzida yekha.

Mukatero, sitepe iliyonse ya kufufuza ikhalanso sitepe ya chikondi. Mkaziyo akufuna munthu amene coroner angamumvere, ndipo munthuyo ndi mbusayo. Mbusayo akamuthandiza ataya ntchito ndi nyumba. Tsiku limene asankhe kutaya zimenezi ndi tsiku limene mkaziyo ayambe kumukhulupirira, ndipo simufunikanso kulemba kuti mtima wake udagunda. M'nthawi imene mwamuna ndi mkazi osakwatirana sankayenera kukhala awiriwiri m'chipinda, tinthu ting'onoting'ono timalemera: kumuperekeza poyera anthu akuona, kumubwereka jasi, kumutchula dzina lake loyamba kwa nthawi yoyamba m'mutu wa 20.

Chinthu chimodzi ndikukupemphani ndi mtima wonse. Wochita nkhanza asasanduke wokondedwa wa amene adamuchita nkhanzayo. Mabuku ena amachita zimenezi n'kumati ndi chiombolo. Mtsikana amene akuwerenga ali m'manja mwa munthu wotere amaphunzirapo kuti akapirira mokwanira chilombocho chidzasanduka mwamuna wabwino, ndipo phunziro limenelo lapha anthu.

5. Lembani zowawazo moona, mopanda kuzikometsera

Apa ndi pamene buku lanu liimirire kapena ligwe. Pali maenje awiri. Loyamba ndi kubisa mpaka owerenga osadziwa chimene chidachitika. Lachiwiri ndi kuonetsa zonse mwatsatanetsatane mpaka nkhanzayo isanduke chosangalatsa maso. Njira yodutsa pakati ndi iyi: tchulani chinthucho ndi dzina lake kamodzi, momveka, kenaka khalitsani pa zotsatira zake. Owerenga safunika kulowa m'chipinda mmene mtsikanayo adagwiriridwa. Afunika kuona kuti kuyambira mwezi umenewo adasiya kuimba pochapa, ankatsekera chitseko ndi mpando, ndipo makalata ake kwa mchemwali wake adafupika mpaka mizere itatu.

Maliro a usiku aja mungawalembe chonchi:

Adabwera naye pa ngolo yotutira udzu wa ziweto, nyali imodzi ili patsogolo. Panalibe belu. Mbusayo adaima chapatali, buku la mapemphero lili m'thumba la jasi, dzanja lake lili pamwamba pa thumbalo. Dothi loyamba litagunda bokosi, mchemwali wake wa malemuyo adacheuka. "Abusa, ngakhale liwu limodzi?" Iye adatsegula pakamwa, adayang'ana kumene kudaima mkulu wa mpingo, n'kutsekanso. Wokumba manda adapitiriza kufotsera, akufulumira kuti 12 koloko isamupeze.

M'ndimeyi mulibe magazi, mulibenso mawu oti "zomvetsa chisoni". Dzanja lili pa thumba lija lanena zonse za mbusayo.

Nkhani muzionera m'maso mwa wolakwiridwa kapena womukonda. Mukalowa m'mutu mwa wolakwa, loweranimo kuti tione mmene amadzinamizira, koma musatisangalatse ndi zochita zake. Wakufayo mupatseni moyo asanafe: zimene ankakonda, kaukali kake, ngongole imene adali nayo, nthabwala zake. Asakhale mtembo wongoyambitsira nkhani ya anthu ena. Ndipo pa za poizoni kapena kudzipha musalembe muyezo ndi kachitidwe kake mwakuti wina n'kutsatira. Nthano sitaya kanthu mukazisiya.

Musaunjikenso mdima mutu ndi mutu osapumira. Ikani pena mwana akuphunzira kuwerenga, pena anthu akumeta nkhosa n'kumasekana. Wowerenga akapuma amatha kusenza mutu wotsatira.

6. Chikhulupiriro chikhale cha anthu a nthawi imeneyo

Atengambali anu asalankhule ngati adapita ku semina ya uphungu chaka chatha. Mkazi wa 1853 sanganene za "kudzipeza" kapena "kuchira m'maganizo". Angathe kunena kuti Mulungu wamubisira nkhope, poti mawu amenewo adawamva m'Masalimo kuyambira ali mwana. Muloleni akwiyire Mulungu, asiye kupita ku tchalitchi miyezi ingapo, afunse ngati mng'ono wake ali kumwamba pamene mpingo wakana kumupempherera. Funso limenelo lidali lenileni kwa mabanja ambiri, ndipo lisayankhidwe msanga.

Wolakwayo akhale Mkhristu weniweni pamaso pa anthu, wopereka mowolowa manja, wodziwa malemba, mwinanso wokhulupirira kuti dzina la mpingo n'lofunika kuposa moyo wa wantchito mmodzi. Musachite mantha kuti mukunyoza mpingo. Mbiri yake ili ndi mbali zonse ziwiri. Bungwe la Anglican lofalitsa uthenga, Society for the Propagation of the Gospel, lidalandira minda ya Codrington ku Barbados mu 1710 ndipo lidasunga akapolo kumeneko kwa zaka zoposa 100, pamene Akhristu ena monga William Wilberforce ankamenyera kuti malonda a akapolo athe, zomwe zidatheka ku Britain mu 1807. Buku loona mtima limaonetsa onse awiri atakhala m'mabenchi a tchalitchi chimodzi.

Ulaliki wa masamba atatu chotsani. Ngati mbusa wanu ayenera kulalikira, tipatseni mizere isanu ndi nkhope za omvera.

7. Kukhululuka kusalande malo a chilungamo

Mukafika kumapeto mudzamva chikoka chofuna kuti onse akhululukirane msanga. Limbani. Kulapa kwenikweni kumachedwa ndipo kumadula. John Newton wa ku England adatembenukira kwa Mulungu panyanja mu 1748, koma adapitiriza kugwira ntchito pa zombo za akapolo mpaka 1754, ndipo adalemba poyera zotsutsa malondawo mu 1788. Zakeyu atalapa adalonjeza kubweza kanayi zimene adalanda. Yosefe sadadziulule kwa abale ake tsiku loyamba, adayamba wawayesa kuti aone ngati angamugulitsenso Benjamini.

M'chitsanzo chathu, mtembo ufukulidwe ngati pakufunika, buku la wogulitsa arsenic wambiri lipezeke muli siginecha ya mkuluyo, mkazi wake alankhule, mlandu upite ku khoti. Kumbukirani kuti mpaka 1898 woimbidwa mlandu ku England sankaloledwa kuperekera umboni molumbira pa mlandu wake, choncho musamuike m'bokosi la mboni kuti loya amupanikize mpaka alire. Mungasankhe kuti apezeke wolakwa, kapena apulumuke chifukwa cha ndalama zake koma mudzi wonse ukudziwa. Zonse ziwiri zinkachitika. Chimene simuyenera kuchita ndi kutuma mbusa kwa wofedwayo kukamuuza kuti akhululuke kuti nkhani ithe. Ngati adzakhululuka, adzatero pa nthawi yake, ndipo kukhululukako sikumukakamiza kukhalanso pafupi ndi munthuyo kapena kubweza mawu ake kukhoti.

Owerenga nthano za chikondi amayembekezera kuti awiriwo athera limodzi, ndipo apatseni zimenezo. Koma mtengo wake uoneke. Mbusa wathu wachotsedwa pa tchalitchicho. Asananyamuke aima pa manda aja masana, anthu akuona, n'kuwerenga mapemphero amene adawasunga m'thumba usiku uja. Mng'ono wake wa mkwatibwi sadzakhalapo pa ukwati, ndipo bukulo lisachite ngati laiwala.

8. Werengani katatu, kenaka patsani ena

Mukamaliza, lisiyeni milungu ingapo. Powerenga koyamba tsatani mlandu wokha, pensulo ili m'manja: ndani akudziwa chiyani, pa tsamba liti, ndipo adachidziwa bwanji. Kachiwiri tsatani okondanawo, muone ngati pa kukumana kulikonse china chake chikusintha pakati pawo. Pamene sichikusintha, dulani. Kachitatu sakani zinthu zimene zalowa nthawi yake isanakwane, kaya ndi chipangizo, liwu, nyimbo ya m'tchalitchi imene idapekedwa pambuyo pake, kapena maganizo a masiku ano amene mwawaika m'kamwa mwa gogo wa 1853.

Kenaka pezani owerenga awiri. Mmodzi akhale wodziwa mbiri ya nthawiyo. Winayo akhale wogwira ntchito ndi anthu amene adachitidwa nkhanza, monga phungu kapena namwino, ndipo mumufunse mwachindunji ngati pali pamene bukulo likuloza chala wolakwiridwa, kapena pamene lingamuvulaze munthu popanda chifukwa. Musapemphe munthu amene bala lake likadali laliwisi kuti akuwerengereni, pokhapokha atadzipereka yekha.

Kumayambiriro kwa buku ikani mizere iwiri yodziwitsa kuti muli nkhani za kugwiririra ndi imfa, kuti wowerenga asankhe yekha nthawi yoliwerengera. Kumapeto lembani tsamba limodzi lolekanitsa zoona ndi zopeka: kuti lamulo la maliro a usiku ndi la arsenic adalipodi, koma mudziwo, mtsikanayo ndi mkulu wa mpingoyo ndi a m'mutu mwanu. Ngati mwasuntha chaka cha chochitika china kuti nkhani iyende, nenani pa tsamba lomwelo.